Mlendo wa M'malire mwa Munda

Munthu wochokera ku Blantyre pamsewu wa ku Muloza akafika pa Chitakale amapeza mphambano. Msewu wina umapitirira kulowera kuboma la Mulanje, pamene wina umakhotera kumanzere, nulambalala m'tsinde mwa phiri kudzera ku Likhubula mpaka ku Phalombe. Kulikonse kumene munthu angaponye maso kuli tiyi wobiriwira, wosadzidwa mofanana ngati mphasa yoyala, ndipo kuseri kwake kwaima phiri la Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002. Alendo amatama kukongola kwa derali, koma eni ake amadziwa kuti kukongola sikulowa mumphika. Kuyambira cha m'ma 1890, pamene Azungu adayamba kubzala tiyi ku Mulanje, nthaka yabwino yambiri idalowa m'maesiteti, kotero kuti mabanja ochuluka amalima timinda tating'ono, toti munthu ali pakati pa munda wake amatha kucheza ndi mnzake wa munda woyandikana nawo popanda kukweza mawu.

M'mudzi wina wa m'mbali mwa msewu wa ku Phalombe, ulendo wapansi wosakwana ola limodzi kuchokera pamsika wa Chitakale, mumakhala mayi wachikulire amene ana ndi akulu omwe amangowatchula kuti Anganga. Pautsikana wawo ankathyola tiyi, dengu lili kumsana, kuyambira mame asadakamuke mpaka dzuwa litapendeka. Amuna awo adatsikira kulichete zaka zambiri zapitazo, ndipo mwana wawo wamkazi naye adatsatira, nawasiyira mdzukulu wamwamuna woti alere. Chuma chawo chonse ndi kamunda kamene adalandira kwa amayi awo, monga mwa mwambo wa kumeneko woti munda umatsata kuchikazi. M'kamundamo amabzalamo chimanga, nandolo, maungu ndi chinangwa pang'ono. Koma chimene chimadziwitsa munda wa Anganga, ngakhale kwa munthu wongodutsa panjinga, ndi mzere wa mpendadzuwa umene umazungulira malire ake onse, nuwala chikasu mvula ikayamba kutha.

Anzawo a m'mudzi sankamvetsa. Kwa iwo munda ndi chimanga, ndipo phando lililonse limene simudagwe chimanga ndi phando lotayika.

"Anganga, kodi maluwa amadyedwa?" ankatero amayi anzawo podutsa ndi ndowa zawo. "Malo ndi ochepa kale, inu mukukongoletsanso ngati pakhomo pa bwana wa esiteti!"

Anganga ankangoseka osayankha. Mbewuyo idabwera ndi malemu amuna awo m'chaka cha 1992, chaka cha chilala chachikulu, pamene adapita kukagwira ganyu kuchigwa cha Phalombe, kumene alimi ambiri amalima mpendadzuwa wogulitsa. Adabwerako ndi chimanga chochepa m'kathumba, ndiponso njere zakuda zodzaza matumba a kabudula. Adasimba kuti adaona ndi maso awo munda umene chimanga chonse chidapserera, koma mpendadzuwa ali chiimire. Kuyambira pamenepo mbewuyo sidachokenso pakhomopo.

Chaka chilichonse, asadayambe kukolola, Anganga amayenda mzere wonse akupenda mutu uliwonse. Amasankha mitu ikuluikulu, yokhwima bwino mpaka pakati, yochokera pamapesi olimba amene sadagwe ndi mphepo. Imeneyo amaiyanika payokha, amaipukusa ndi manja, nasakaniza njere zake ndi phulusa, n'kuziika m'kamtsuko kamene amakavundikira ndi phale ndi kumata dothi m'mphepete. Kwa zaka zonsezo kamtsukoko kankakhala kumutu kwa mphasa yawo, ndipo padalibe wololedwa kukakhudza.

Anganga sadapite patali ndi sukulu, choncho sankadziwa kuti ntchito yosankha mitu imeneyi idayambira kutsidya la nyanja yaikulu ya Atlantic zaka zoposa 4,000 zapitazo. Kwawo kwenikweni kwa mpendadzuwa ndi ku North America. Kumeneko amamera yekha m'tchire ndi m'mbali mwa misewu mpaka lero, monga momwe chisoso ndi bonongwe zimamerera m'minda ya ku Mulanje popanda wozibzala. Koma wam'tchireyo ndi wosiyana ndi wakumunda. Ali ndi nthambi zambiri, nthambi iliyonse ndi kamutu kake, ndipo njere zake ndi zazing'ono, zoti zikangouma zimayoyokera pansi zokha. Eni dziko lija, amene adalipo Azungu asadafike, ankatola njerezo ndi kumadya. Pang'ono ndi pang'ono, m'dera la kuvuma kwa dziko limene lero likutchedwa United States, adayamba kusunga njere za pamitu yaikulu n'kumazibzala pafupi ndi nyumba zawo. Itapita mibadwo yambiri, duwa lakutchire lija lidasanduka mbewu ya phesi limodzi ndi mutu umodzi waukulu umene umagwira njere zake mpaka mlimi adzakolole.

Amayi a mtundu wa Hidatsa, amene ankalima m'mbali mwa mtsinje wa Missouri, ankabzala mpendadzuwa m'malire mwa minda yawo ya chimanga, nyemba ndi maungu, ndendende monga amachitira Anganga. Njere zake ankazikazinga mumphika wadothi, kuzisinja mumtondo, ndi kuumba timibulu timene amuna ankatenga ngati kamba paulendo wautali. A mtundu wa Hopi, ku Arizona, ankawiritsa njere zakuda kuti apeze utoto wopaka madengu awo. Kwa anthu amenewa, funso loti kodi maluwa amadyedwa likadakhala lodabwitsa zedi.

Anthu a ku Spain ndiwo adatengera mbewuyi ku Ulaya m'zaka za m'ma 1500. Kumeneko idagwa m'tsoka lomwelo limene idadzakumana nalo m'mudzi mwa Anganga: anthu adaona duwa, osaona chakudya, ndipo kwa nthawi yaitali idangokhala yokongoletsa minda ya anthu olemera. Amene adaonetsa phindu lake adali munthu wamba wa ku Russia, Daniil Bokarev, wa m'mudzi wa Alekseyevka, amene m'chaka cha 1829 adapeza njira yofinyira mafuta ochuluka m'njerezi. Iyeyu sadali mfulu. Adali mmodzi wa anthu omangika pamunda wa bwana, okakamizidwa kugwirira ntchito mwini malo, moyo wofanana ndi thangata imene makolo a ku Mulanje ndi ku Thyolo adaidziwa bwino m'maesiteti. Patapita zaka, katswiri wina wa mbewu, Vasily Pustovoit, amene ankagwira ntchito ku Krasnodar, adatha moyo wake wonse akusankha mitundu ya mpendadzuwa, mpaka mafuta a m'njere adakwera kuchoka pa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu kufika pa theka la kulemera kwa njereyo. Mitundu yambiri yamafuta imene ikulimidwa padziko lapansi lero ndi zidzukulu za mbewu za ku Russia zimenezo. M'Malawi muno mpendadzuwa adapeza malo makamaka ku Mchinji, ku Kasungu, ku Phalombe ndi m'zigwa za Mulanje.

Mpendadzuwa ndi mlendo ndithu, koma ulendo si chilema. Chimanga chimene anthu amachiyesa chamakolo chidachokera ku Mexico, chinangwa ndi mtedza zidachokera ku South America, ndipo makolo a Anganga enieniwo, Alomwe, adaoloka malire kuchokera ku Mozambique atasenza mbewu zawo pamutu. Akuluakulu adanena kale kuti mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa.

Kuthwa kwa kalumoko kudayamba kuoneka m'chaka cha 2022. M'mwezi wa Febuluwale chaka chimenecho nkhondo idabuka pakati pa Russia ndi Ukraine, mayiko awiri amene ankagulitsa mafuta a mpendadzuwa oposa theka la onse opita pamsika wa dziko lonse. Mtengo wa mafuta ophikira a mtundu uliwonse udakwera, ndipo m'mwezi wa Meyi kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi magawo 25 pa 100 alionse. Pamsika wa Chitakale amayi amene kale ankagula botolo adayamba kugula mafuta a m'timachubu ta pulasitiki, ena n'kusiyiratu. Mtedza nawo sudali wogwirika. Koma pakhomo pa Anganga ndiwo sizidasinthe kukoma. Ankakazinga njere paphale, kuzisinja mumtondo, kusefa kuti makoko atsale, ndipo nsinjiro yakeyo ankatendera nkhwani, kholowa ndi chigwada. Amayi ena aja adayamba kutuma ana ndi timbale kudzapempha kansinjiro, ndipo funso la maluwa lidayamba kuzilala.

Chakudza sichiimba ng'oma. M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagwa m'chigawo cha kumwera. Mvula idavumba usana ndi usiku kwa masiku angapo osalekeza, mitsinje yotsika m'phiri idasefukira, ndipo matope ndi miyala zidakokolola midzi ku Mulanje, ku Phalombe, ku Chiradzulu ndi ku Blantyre. Achikulire adakumbukira napolo wa ku Phalombe wa m'chaka cha 1991. Anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa m'dziko muno. Anganga ndi mdzukulu wawo adapulumuka, ngakhale khoma limodzi la nyumba yawo lidagwa. Koma kumunda kudali chisoni. Chimanga chimene chidatsala pang'ono kuuma chidagona m'matope, ndipo mbali ya kumunsi idakwiririka ndi mchenga. Pa mzere wonse wa mpendadzuwa padangotsala mapesi asanu ndi awiri, pangodya ya kumtunda. Anganga adawachirikiza ndi timitengo, nawalondera mbalame tsiku ndi tsiku mpaka adakhwima. Chaka chimenecho palibe njere ndi imodzi yomwe idalowa mumtondo. Zonse zidapita m'kamtsuko.

Pofika Disembala njala idaluma. M'mwezi wa Novembala kwacha idali itachepetsedwanso mphamvu ndi magawo 44 pa 100 alionse, ndipo chimanga pamsika chidakwera mtengo koposa. Pakhomopo ankadya kamodzi patsiku, nthawi zina mango aawisi ophika, nthawi zina kalongonda, amene amafuna kuwiritsa tsiku lathunthu ndi kutaya madzi kangapo kuti ululu wake uchoke. Mnyamata uja adali mu Fomu 4 pasukulu yoyendera, ndipo ankayenda mtunda wautali m'mimba muli pululu. Adayamba kumalankhula zosiya sukulu kuti akasake ganyu ku Limbe, kapena kutsatira anzake amene adalowera ku Joni.

Usiku wina, kutatsala masiku ochepa kuti ifike Khirisimasi, Anganga adadzidzimuka ndi fungo limene ankalidziwa bwino. Adapapasa kumutu kwa mphasa, napeza kamtsuko palibe. Adatuluka mwakachetechete. M'kakhitchini adapeza mdzukulu wawo atanyonyomala pamoto, phale lili pamafuwa, njere zikuthetheka. Mnyamatayo atawaona adazizira nkhongono.

"Anganga, mundikhululukire," adatero mawu akunjenjemera. "Njala yandisowetsa tulo. Ndimati nditapeko pang'ono chabe."

Anganga sadakalipe. Adakhala pansi pang'onopang'ono, nafikira kachitini ka mchere, nawaza paphalepo.

"Izi zapsa kale, amuna anga, sizingabwererenso mumtsuko," adatero, pomutchula monga agogo amatchulira adzukulu awo aamuna mwachikondi. "Idyani, zingapserere."

Mnyamatayo adadya misozi ikutsika. Akadamukalipira, kapena kumumenya kumene, mwina zikadamupepukira. Atatha, Anganga adamutuma lichero, nakhuthulirapo zotsala. Zidangokwana kapu imodzi. Adazisalaza ndi chikhatho, naziyang'ana nthawi yaitali pakuwala kwa makala.

"Njere imodzi mukaitafuna imathera m'mano," adatero pomaliza. "Mukaikwirira pansi imakubwezerani mutu wa njere mazanamazana. Agogo anu aamuna adayenda nazo kuchokera ku Phalombe ali ndi njala yoposa yanuyi, koma sadatafuneko ndi imodzi yomwe panjira. Sindikukudzudzulani, njala ilibe manyazi. Ndikungofuna mudziwe chimene chili mumtsukomu."

Mnyamatayo sadayankhe, ndipo nkhani ya ku Joni sidamvekenso pakhomopo. Kumayambiriro kwa Januwale 2024, chimanga chitafika m'mawondo, iye mwini adatenga khasu nakumba mapando m'malire monse, ndiponso mbali ija ya mchenga imene chimanga chidakana. Ankaponya njere ziwiriziwiri paphando, akuwerenga ngati munthu wowerenga ndalama zangongole.

Mbewuzo zitangomera ndi kugwira nthaka, mvula idadula. Chidali chaka cha El Niño, pamene madzi a m'nyanja ya Pacific amatentha mopitirira muyeso, ndipo mvula ya kumwera kwa Africa imachepa. Ng'amba idakhalitsa m'mwezi wa Febuluwale, nthawi yomwe chimanga chimatulutsa ngayaye ndi kufuna madzi kwambiri. Masamba ake adapotana ngati a anyezi, kenaka adayera mbuu. Pa 23 Malichi 2024 Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, adalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pangozi ya njala. Mpendadzuwa naye ankafota masana dzuwa likaswa mtengo, koma pofika m'mawa ankapezeka atadzukanso. Chinsinsi chake chili pansi. Mizu ya chimanga imayanza kwambiri m'dothi lapamwamba, limene limayamba kuuma, pamene mpendadzuwa ali ndi muzu waukulu umene umaboola pansi kupitirira mita imodzi ngati nthaka yalola, nukamwa chinyontho chimene mbewu zina sizichifikira. Zimene adaona malemu agogo ake mu 1992, mnyamatayo adaziona ndi maso ake patatha zaka 32.

Popeza tsopano ankadzera kumunda m'mawa ndi madzulo, adazindikira chinthu chimene kale sankachilabadira. Popita kusukulu ankapeza timitu tonse tosaphukira tikuyang'ana kuphiri, kumene dzuwa limatulukira. Pobwerera madzulo ankatipeza titatembenukira kuzambwe, ndipo kukacha tidali titabwereranso kuvuma. Koma maluwa ataphukira, kutembenuka kuja kudatha. Mitu yonse idangoti chilili kuyang'ana kuphiri, ngakhale dzuwa likulowa kumbuyo kwake. Adakafunsa aphunzitsi ake a zaulimi, amene adamufotokozera mbiri yonse ya mbewuyi, ndiponso zimene akatswiri a pa University of California ku Davis adasindikiza m'chaka cha 2016. Phesi likadali kukula, mbali yake ya kuvuma imatalika msanga masana, nikankhira mutu kuzambwe, ndipo usiku imatalika ndi mbali ya kuzambwe, nibweza mutuwo kuvuma. Phesi likasiya kukula, mutu umakhazikika kuvuma. Kumeneko umafunda msanga ndi dzuwa lam'mawa, ndipo njuchi zimakonda duwa lofunda. Njuchizo n'zofunika kwambiri, pakuti chimene anthu amachiyesa duwa limodzi ndi timaluwa mazanamazana tothithikana pamodzi, kalikonse kodikira mungu kuti kabale njere yake. Mutu umene njuchi sizidaufikire bwino umadzaza makoko opanda kanthu m'kati.

Mnyamatayo adakafotokoza zonsezi kunyumba, kuyambira amayi a mtundu wa Hidatsa mpaka nkhani ya njuchi. Anganga adamvetsera mpaka kumapeto, kenaka adaseka mpaka kutsokomola.

"Ndiye kuti mpendadzuwa ndi munthu," adatero. "Akadali mwana amatembenukira uku ndi uku, kutsata chilichonse chowala. Akakula amadziwa kumene dzuwa limachokera, n'kukhala phee kudikira. Koma amayi a kutsidya la nyanjawo ndawakonda. Akadakhala pafupi tikadasinthana mbewu."

Kumayambiriro kwa Meyi, kumbuyo kwa mitu kutasanduka kofiirira ndipo mvula yachiperoni isadayambe kuolesa zinthu, nthawi yokolola idakwana. Tsiku limenelo Anganga sadayende mzere monga mwa masiku onse. Adakhala pachitsa, napatsa mdzukulu wawo mpeni.

"Sankhani ndinu. Maso anga atopa."

Iye adayenda pang'onopang'ono, akukweza mutu uliwonse, kutosa pakati ndi chala kuti aone ngati njere zili zolimba, ndi kugwedeza phesi. Mitu imene adasankha adaiika pamphasa yakeyake. Yotsalayo adaiyanika pabwalo, naiomba ndi ndodo itauma, ndipo Anganga adapeta. Padatuluka thumba limodzi ndi ndowa, pamene chimanga cha munda wonse sichidadzaze ndi thumba lomwe. Sichidali chuma choti munthu angalemere nacho, ndipo sichidathetse njala ya chaka chimenecho, pakuti mpendadzuwa salowa m'malo mwa nsima. Koma gawo limene adagulitsa pa Chitakale lidalipira zofunika kusukulu, mnyamatayo nalemba mayeso ake a Fomu 4. Gawo lina lidatendera ndiwo mpaka mvula ina. Ndipo amayi aja amene ankafunsa ngati maluwa amadyedwa adabwera okha, osatumanso ana, kudzapempha mbewu. Aliyense Anganga adamupatsa yodzaza chikhatho, namulangiza kuti azisankha mitu asadakolole.

Anthu ambiri amayesa mbewu ndi zimene imabala chaka chabwino, naiwala kuti munda umayesedwa ndi chaka choipa. Pamene nthaka ndi yochepa ndipo nyengo yasiya kudalirika, mlimi woika mtima wake wonse pa mbewu imodzi ali ngati munthu woolokera paulalo wa mtengo umodzi. Mzere wa m'malire, umene ena amauyesa chokongoletsa, ndiwo nthawi zina umaolotsa banja. Koma mzerewo sungakhalepo popanda munthu wotha kugona ndi njala pafupi ndi kamtsuko kodzaza, monga adachitira anthu osadziwika mayina a ku North America, mbadwo ndi mbadwo, mpaka duwa lakutchire lidasanduka chakudya cha dziko lonse.

Madzulo a tsiku limene adamaliza kupeta, Anganga adasakaniza njere zosankhidwa zija ndi phulusa, nazithira m'kamtsuko, navundikira phale, namata dothi monga mwa nthawi zonse. Dothilo litauma sadapite nako kumutu kwa mphasa yawo. Adaitana mdzukulu wawo, namupatsa ndi manja awiri.

"Kazikasungani ndinu, amuna anga. Inu mukudziwa kulemera kwake."

Mpaka lero kamtsukoko kamagona kumutu kwa mphasa ya mnyamatayo, ndipo dothi lake limasweka kamodzi kokha pachaka, mvula ya Januwale ikagwa.